Parafini wa Ba Lighton

Lighton Sakala anali asanagwirepo mfuti chibadwire, koma m'mwezi wa Malichi chaka cha 2003 munalibe munthu mu Kafue wodziwa za nkhondo kuposa iye. Mwini wake ndiye amanena choncho masiku ano, uku akudziseka.

Anachokera ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale yoluka nsalu mpaka kukhala kapitawo. Boma litatsegula malonda, zovala zakale zochokera kunja, zimene anthu amati salaula, zinadzaza tauni. Nsalu za pafakitale zinasowa ogula, ndipo Lighton analandira kalata yomuchotsa ntchito pamodzi ndi anzake ambiri. Tsopano banja linkadya salaula yemweyo, poti mkazi wake Phyllis anali ndi benchi kumsika. Lighton sankakonda kupondako. Akamwa tiyi ankavala jekete, kunyamula kawailesi kake, n'kulunjika ku shopu yometera ya Bruce, kumene kunali TV.

Kumeneko ankakumana ndi ba Chileshe, amene anachotsedwa ntchito ku njanji. Asilikali a Amereka atalowa mu Iraq, awiriwo anagawana nkhondoyo. Ba Chileshe anatenga Amereka, Lighton anatenga Iraq, ngakhale analibe m'bale kumeneko.

"Masabata atatu chabe, nkhondo yasila," anatero ba Chileshe. "Ndeke zija ziona na munthu wabisala mu chimbuzi."

"Imwe mudala muziba chabe sitima," anayankha Lighton. Anatenga mpini wa tsache n'kuyamba kujambula pansi, pakati pa tsitsi lometedwa. "Apa ni Kuwait, apa ni Baghdad, pakati ni mchenga. Tanki imamwa dizilo monga imwe na mowa. Ikapita patali, dizilo izaikonkha bwanji? Aja anthu sathawa iyai. Awaleka angene mukati, ndiye awavalile kumbuyo."

Tauni ina ikagwa, Lighton ankati msampha ukukula. Ikagwa inanso, ankati msampha watsala pang'ono kufwamphuka. Bruce ankangowapempha kuti akweze miyendo asese.

Pa nkhani ya mabodza a pankhondo, Lighton anali ndi mfundo yomveka ndithu.

"Mtolankhani wakwela mu tanki ya Amereka, akudya chakudya chao. Angakambe zoipa za iwo?"

Koma mneneri wa boma la Iraq akaoneka pa TV, akunena kuti adani ali kutali ndipo akugonja, Lighton ankavomereza ndi mutu ngati ali m'tchalitchi.

"Nanga uyu akudya chakudya cha ndani?" anafunsa ba Chileshe.

Lighton anatanganidwa ndi kupotokola kawailesi, ngati kuti kasokonekera.

Chinamugwetsa ndi nkhani ya mafuta. Tsiku lina analalikira kuti zitsime za mafuta zipsa zonse, sitima zapamadzi zisiya kuyenda, ndipo pofika Juni parafini adzakhala wosowa ngati ntchito. Makasitomala awiri anamvetsera kukamwa kuli yasa. Ba Chileshe anangokanda ndevu.

"Ngati muziba zoona, gulani parafini musunge. Kukamba ni mahala."

Mawu amenewo anamutsatira Lighton mpaka kunyumba. Anafotokozera mkazi wake za zitsime ndi sitima, koma Phyllis sanasiye n'komwe kupinda malaya.

"Atate a Molly, ndalama ya belo ya salaula siigwiliwa. Ngakhale dziko lipse."

Choncho Lighton anagulitsa wotchi yapakhoma imene fakitale inamupatsa chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali. Itaperewera, anagulitsanso kawailesi. Anadzaza zigubu ziwiri zazikulu n'kuziika kuseri kwa chitseko, kudikira kuti mtengo ukwere. Unakana kukwera. Chinakwera ndi fungo, lomwe linalowa mu ufa, m'mabulangete, ngakhale mu yunifolomu ya mwana wawo Molly. Patatha sabata Phyllis ananena kuti m'nyumbamo mutsale zigubu kapena iye.

Lighton anaganiza za ku Chanyanya, kumtsinje, kumene asodzi ankadalira nyali za parafini. Anthu a kumeneko, anadziuza, sakudziwa chimene chikubwera, ndipo akawafotokozera bwino adzagula pa mtengo wa Juni. Anamangirira zigubu pa njinga n'kunyamuka m'mawa.

Mvula inali itangotha kumene, ndipo msewu unali matope m'malo ambiri. Asanafike pakati, tayala lakumbuyo linaphwa. Pampu anali ataisiya kunyumba, madzi akumwa sanatenge. Munthu amene anaphunzitsa shopu yonse kuti nkhondo imaluzika chifukwa chosakonzekera ulendo anakankha njinga dzuwa lili paliwombo, chivindikiro cha chigubu chimodzi chikudontha pa buluku lake. Anafika madzulo, nsapato imodzi itang'ambika, n'kupempha malo kwa mnzake wakale wa kufakitale amene anasanduka msodzi.

Masiku awiri anayendayenda padooko akulalikira. Asodzi ankamvetsera mwaulemu uku akusoka maukonde, poti anali wachikulire wovala jekete, koma wogula sanapezeke. Pa tsiku lachitatu anasonkhanitsa kagulu ndithu. Anajambula mapu pa dothi lonyowa, kufotokoza mmene Baghdad adzawamezere adani msewu ndi msewu mpaka Khirisimasi. Iye mwini ankamva mawu ake akukoma, ndipo anawonjezerapo zina zimene sanazimve paliponse.

Mayi wina wogula nsomba, amene anzake ankamuitana kuti Gwendolyn, anali atangofika kuchokera ku Lusaka. Anaima ndi dengu lake n'kumvetsera pang'ono.

"Ba tate, iyo Baghdad mukamba inagwa dzulo. Taona pa TV, anthu anyamula mipando ya mu maofesi kupeleka ku nyumba."

"Ni mabodza a azungu," anatero Lighton, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Kapena. Koma parafini mu tauni mutengo ukali wamene uja."

Palibe anaseka mokweza. Msodzi wina wachikulire anayang'ana mapu aja, kenaka zigubu, n'kunena kuti parafini amamufuna ndithu, koma pa mtengo wa masiku onse, ndiponso ndalama alibe, ali ndi nsomba zouma. Anzake ananenanso chimodzimodzi. Lighton anafuna kukana, koma anakumbukira msewu uja ndi kulemera kwa zigubu. Pofika masana parafini yense anali atatha, ndipo iye anali ndi thumba lodzaza nsomba. Atamatitsa tayala, anamangirira thumbalo pamwamba pa zigubu zopanda kanthu, mtima ukuyamba kubwerera m'malo. Nsomba ku Kafue zimayenda malonda. M'maganizo mwake anali atatsegula kale sitolo ku Shimabala, pa msewu wa ku Lusaka, ngakhale njinga sinkapita kumeneko.

Kunyumba Phyllis anamasula thumba, kutenga nsomba imodzi n'kuinunkhiza. Anatenga ina ya pansi, nayonso n'kuinunkhiza. Kenaka anamupatsa mwamuna wake kuti amve yekha. Thumba lonse linali litamwa parafini wa pa zigubu.

"Izi ningagulitse kwa ndani?" anafunsa Phyllis, osakweza mawu.

Kutaya sakanataya. Phyllis anaziviika m'madzi otentha, kuzitsuka kawiri, kuziphika ndi tomato wambiri. Fungo linachepa koma silinachoke. Molly anasankha kudya nshima ndi repu yekha, ndipo amayi ake anamutsatira. Mbale ya nsomba inkaikidwa patsogolo pa Lighton masana ndi madzulo, ndipo iye ankadya mwakachetechete, akudziwa kuti thumba likadali lodzaza.

Kwa sabata yathunthu sanaonekere kwa Bruce. Atapita, anapeza nkhani yake itafika kale, poti ogula nsomba amametetsanso. Ba Chileshe anasuntha pa benchi kumupatsa malo, nkhope ili yokonzeka. Lighton sanawadikire. Anayamba yekha kufotokoza za tayala, za nsapato, za mapu a padooko ndi za mayi wa dengu, mpaka Bruce anazimitsa makina chifukwa cha phwete.

"Nagulisa wailesi kuti nikauze anthu nkhani," anatero Lighton. "Manje ndine neka mu Zambia amene sininamve kuti Baghdad yagwa."

Ba Chileshe anapukuta misozi. Kenaka anavomera kuti nawonso anauza akazi awo kuti Amereka akapambana mafuta atsika, minibasi ya ku Lusaka itchipa. Kondakitala anali asanamve za chigonjetsocho. Ndipo pa TV mfuti zinali zikulirabe.

"Ise tonse tilibe nchito," anatero ba Chileshe, "koma tifuna kuyendesa nkhondo ya eni ake."

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, Lighton anawaitanira kunyumba, n'kuwachenjeza za ndiwo. Ba Chileshe anati anadyapo zoipa kuposa pamenepo m'makantini a njanji. Phyllis anawalandira ndi ulemu, kuwapatsa madzi osamba m'manja, n'kuika mbale yaikulu pakati pawo. Anadya akukangana za amene adzalipire milatho ndi nyumba zogumuka ku Iraq. Lighton ankati alipira ndi amene anagumula, ba Chileshe ankati alipira ndi eni nyumba, monga zimakhalira kulikonse. Mlendoyo anamaliza nsomba ziwiri, mutu ndi mchira, osakwinya nkhope, n'kuyamikira amake Molly.

Atasamba m'manja anatuluka kukakhala pakhonde. Ba Chileshe anatulutsa ndudu ndi machesi, anageya pang'ono, anaiyang'ana nduduyo kwa kanthawi, n'kuibweza m'thumba.