Fomu Imene a Gerishon Anakana Kusaina

Yunike anatseka tsamba lake la pa intaneti Lolemba m'mawa, ndipo pofika masana foni yake inali itatentha ngati mbatata yootcha.

Tsambalo linali la ligi ya mpira wa pafoni. Anthu makumi atatu ndi awiri a ku Lisungwi, Zalewa ndi Matandani ankasewera okhaokha pa intaneti, aliyense ali kwawo, ndipo masewero akatha ankatumiza zotsatira kwa Yunike. Iye ankalemba zonse pa tsambalo: wapambana ndani, zigoli zingati, tsiku liti, nthawi yanji. Pambali pa dzina la wosewera aliyense panali chithunzi chake, mudzi wake ndi nambala yake ya foni. Palibe amene anamutuma. Ntchito yake inali yosunga makadi a odwala pa chipatala china cha kumeneko, ndipo za ligizi ankachita pa nthawi yopuma, chifukwa mtima wake unkakhala pansi akaona manambala atafola bwino.

Sabata yam'mbuyo mwake anamutumiza ku maphunziro pa boma, okhudza lamulo latsopano loteteza zinsinsi za anthu. Wophunzitsayo ankanena za makadi a odwala, koma Yunike maganizo anali pa tsamba lake. Pa nthawi ya tiyi anamufunsa chapansipansi ngati zamasewera chabe nazonso zikukhudzidwa.

"Eni akewo anavomera kuti nambala zawo zikhale poyera?" anafunsa bamboyo, uku akumusendezera shuga.

"Sanakane."

"Kusakana si kuvomera, mayi. Ine ndikanakhala inu ndikanawafunsa mmodzimmodzi, asaine. Wokana, mumuchotse."

Yunike anapemphera za nkhaniyi masiku awiri. Kenaka anakonza fomu ya tsamba limodzi, n'kulengeza pa gulu lawo kuti amene sasaina pofika Lachisanu achotsedwa pamodzi ndi masewero ake onse. Lamulungu kunali fainolo: a Gerishon a ku Matandani, amene anatenga chikho zaka zitatu zotsatizana, ndi Mabvuto wa kabaza wa ku Zalewa.

Kusainako kunasanduka chikondwerero. Pa fomupo munthu ankachonga zimene akulola kuti zioneke: dzina, chithunzi, mudzi, nambala, nthawi. Mphunzitsi wina anabwera ali wefuwefu kudzapempha kuti nthawi ichotsedwe, poti a hedi nawonso amadziwa kuwerenga ndipo masewero ake ambiri anachitika folo koloko isanakwane. Wogulitsa tomato wina anabweretsa chithunzi chatsopano atavala jekete lobwereka. Namwino wina anasaina n'kumusiyira Yunike chimanga chophika chokulunga mu nsalu. Yunike anadya chimangacho pang'onopang'ono, akuthokoza mumtima.

Mabvuto anafika Lachitatu, n'kuimika njinga yamoto pakhomo penipeni pa ofesi.

"Achemwali, ndamva kuti lamuloli likuti munthu atha kuuza kuti zake zifufutidwe."

"Likutero."

"Ndiye fufutani masewero onse amene ndinagonja. Ndi zinsinsi zanga zimenezo."

Yunike anaseka mpaka anagwira tebulo. "Achimwene, ndikafufuta ndifufuta inu yense, ndi zigoli zanu zomwe. Sankhani."

Mabvuto anakanda mutu, n'kuchonga malo onse asanu, ndipo anasaina dzina lalikulu lodzaza theka la pepala.

Pofika Lachinayi madzulo mafomu anali makumi atatu ndi imodzi. Yotsala inali ya a Gerishon. Uthenga wawo unali waufupi: "Pepani mwana wanga, sindingathe kusaina."

Yunike anatsegula ndandanda wake n'kuyesa kuwachotsa kuti aone. Zinali ngati kuzula mzati wapakati pa nyumba. A Gerishon anali atasewera ndi aliyense, kangapo konse. Kuwachotsa iwo kunali kuchotsa zikho zitatu, fainolo ya Lamulungu, ndi theka la zonse zimene iye analemba m'zaka zitatu. Zotsalazo sizikanayenera kutchedwanso ligi. Anadziwa kuti akapanda kusaina, tsambalo silidzatsekulidwanso.

Lachisanu masana anapempha chilolezo kuntchito, ndipo Mabvuto anamunyamula. Anayenera kufulumira, chifukwa a Gerishon anali mkulu wa mpingo wopembedza Loweruka, ndipo dzuwa likangolowa Lachisanu sakhudzanso cholembera kapena foni. Msewu unali wa fumbi ndi miyala. Asananyamuke, Mabvuto anavula jekete lake n'kukulunga chikwama cha mafomu kuti chisade.

"Akuthawa ine, eti!" ankakuwa motero pa chiwongolero. "Madala aona kuti chaka chino zavuta!"

Anawapeza a Gerishon ali pansi pa mtengo wa manachesi akupala thabwa, poti anali kalipentala. Anali munthu wamtali, wa imvi za m'mbali, wolankhula mosathamanga. Analonjera alendowo, anafunsa za kunyumba ndi za kuntchito, n'kupukuta mpando ndi chipewa chawo Yunike asanakhalepo. Akazi awo, mayi Edina, anabweretsa madzi ndi manachesi m'mbale, kenaka anakakhala pa mphasa chapatali n'kumatong'ola chimanga.

A Gerishon anavala magalasi n'kuwerenga fomuyo kawiri.

"Bambo, ngati vuto ndi chithunzi kapena nambala, ndichotsa," anatero Yunike. "Ngakhale dzina, mutha kusankha lina."

"Vuto si limenelo, mwana wanga. Ndi mzere uwu." Analoza ndi chala pansi pa pepalalo, pamene Yunike analemba kuti: Ndikutsimikiza kuti zolembedwa pa dzina langa ndi zanga.

"Ndiye chavuta n'chiyani, madala?" anatero Mabvuto, mkamwa muli nachesi. "Ingonenani kuti mukundiopa, tibwerere kukadali kowala."

A Gerishon anavula magalasi. Anatambasula manja awo awiri, zala zikuluzikulu zong'aluka ndi ntchito.

"Taona zala izi, Mabvuto. Ndikafuna kudina chilembo chimodzi pafoni, ndimadina zitatu. Iwe ukuganiza kuti ndi zimenezi zakhala zikukuchinya?"

Chimanga chinasiya kugwera mu lichero.

"Ine mpingo wonse umandidziwa kuti sindisainira bodza," anapitiriza. "Mwana wathu Lonjezo ndiye analembetsa foniyi mu ligi yanu, pa dzina langa, asanapite ku Blantyre. Ine sindiigwira. Amene amasewera ndi awo." Analoza ndi chibwano ku mphasa.

Mayi Edina anaphimba nkhope ndi chitenje.

Mabvuto anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. "Amayiwa? Amayi awa? Aja anandithira zigoli zisanu ndi ziwiri pa Khirisimasi?"

"Zisanu ndi zitatu," anatero mawu aang'ono kuseri kwa chitenje.

Yunike anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Kuseka kunamutulukira m'mphuno, ndipo a Gerishon nawo mapewa anayamba kugwedezeka.

"Iyayi, dikirani," anatero Mabvuto, akuwerenga zala. "Koma ine ndinakuchinyanipo kamodzi. Zigoli zisanu kwa duu! Zalewa yense akudziwa. Ndinalembetsa ndi penti kumbuyo kwa njinga yanga!"

"Linali Lachiwiri, mwezi wa Malichi?" anafunsa a Gerishon.

"Eya!"

"Amake Lonjezo anali ku maliro ku Mwanza. Anandisiyira foni kuti ndisawaluzitse mapointi. Tsiku limenelo ndiye ndinasewera ine. Chigoli chachitatu ndinadzichinya ndekha."

Mabvuto anagona chagada pa mapalapala a matabwa, manja kumutu, akulira maliro a njinga yake. Mayi Edina tsopano ankaseka poyera, misozi ili mbwembwembwe. Pamene anapuma, anafotokoza mwamanyazi kuti anayamba tsiku lina akudikira nyemba kuti zipse, ndipo anaona kuti zala zozolowera kutong'ola chimanga sizichedwa.

Yunike anapukuta maso n'kuyang'ana dzuwa. Linali litatsala pang'ono kukhudza phiri. Anatulutsa fomu ina yosalemba, anapita pa mphasa paja n'kugwada.

"Mayi, ndiye kuti fomuyi ndi yanu. Koma ndinene zoona: simukukakamizidwa. Mukakana, ndichotsa zonse ndipo palibe adzamve kwa ine."

Kuseka kunatha pa nkhope ya mayi Edina. Analandira pepalalo ndi manja awiri n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Azimayi anzanga a kumpingo adzati chiyani? Mkazi wa mkulu wa mpingo, wa zidzukulu ziwiri, kumalimbana ndi anyamata a kabaza pafoni."

Yunike mawu anali nawo ambiri, okhudza zaka zitatu za ntchito yake, koma anawameza. Anangoti mumtima, Ambuye, mtima wa mayiwa mukuudziwa ndinu, ndithandizeni kukhala chete.

A Gerishon anabwera pang'onopang'ono n'kukhala pa mphasa pomwepo, chinthu chimene Yunike anaona kuti sichichitikachitika, poti mayiwo anasendera modabwa.

"Amake Lonjezo," anatero, "zaka zitatu anthu akhala akundiimika pa msika kundigwira chanza. Wina anandipatsa nkhuku. Ine ndimangoti zikomo, kenaka ndikapempha chikhululukiro kwa Mulungu. Nkhuku ija tinadya tonse, koma ulemu ndinadya ndekha. Mukafuna kukana, kanani, sindidandaula. Koma Loweruka simunasewerepo, ndipo simunabe chigoli cha munthu. Ine sindikuonapo chochititsa manyazi."

Mayi Edina anayang'ana amuna awo, anayang'ana Mabvuto amene tsopano anali atadzuka, mapalapala ali m'tsitsi.

"Ndikakana, fainolo ija ndiye kuti wapambana ndi uyu?"

"Basi, chikho n'changa!" anatero Mabvuto, nkhope ikuwala. "Kanani, mayi, kanani! Ganizirani za mpingo!"

"Ndibwerekeni cholembera," anatero mayi Edina.

Anachonga mosamala, lilime lili pakona pa mlomo. Chithunzi, ayi. Nambala, ayi. Mudzi, ayi. Nthawi, ayi, kuopa kuti anthu angadziwe chimene chimapsereretsa nyemba. Pa dzina anaima pang'ono, kenaka analemba zilembo zisanu zokha, Edina, n'kusaina pansi pake. Dzuwa linali likadaoneka theka.

"Ndipo iwe," anauza Mabvuto, "ukakalankhula ku Zalewa, Lamulungu ndidzakuthira khumi."

"Mayi, ndikanene kuti chiyani? Kuti ndakhala ndikugonja kwa agogo a anthu? Pakamwa panga patsekedwa ndi loko."

Mayi Edina anawapatsa alendowo manachesi odzaza jumbo, ndipo a Gerishon anawaperekeza mpaka pa msewu. Pa chitunda choyamba pamene netiweki imagwira, Yunike anapempha Mabvuto kuti aime. Anakhala pa mwala, anachotsa nambala, zithunzi, midzi ndi nthawi za onse amene sanalole kuti zioneke, anafufuta dzina la a Gerishon, n'kulemba la Edina pamwamba pa ndandanda. Anatseka maso pang'ono kuthokoza, kenaka anatsekula tsambalo.

Sipanathe mphindi ziwiri, foni inayamba kunjenjemera m'manja mwake. A Gerishon apita kuti? Edina ndi ndani? Ndi wa ku Lisungwi? Ndi namwino watsopano uja? Wina anati ndi mzungu. Wina anati tumizani chithunzi, tikupemphani.

Mabvuto anasuzumira pa phewa lake. "Muwayankha kuti chiyani?"

Yunike analemba ndi chala chimodzi, akuluma mlomo kuti asaseke: "Pepani abale, mwini wake sanandilole kunena. Tionane Lamulungu, fainolo ilipo."

Anaika foni m'chikwama ikulirabe, n'kukwera njinga.