Maliro a Dinah pa Mlatho wa Shire

Chigulire pikiapu yawo yonyamulira usipa, a Jenkins a ku Malindi sadadziwepo tsiku limene inshuwalansi ya galimotoyo inkathera. Amene ankadziwa adali a Howard, ajenti wa inshuwalansi yemwe adali ndi kaofesi pakhonde la sitolo ina ku Mangochi Boma.

A Howard adali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito. Sankadikira kuti mwini galimoto abwere. Ankadziwa kuti kwa anthu a kunyanja zinthu zimayenda ndi nsomba, osati ndi kalendala. Choncho tsiku likayandikira ankaimba lamya ku Blantyre, n'kukonzetsa zonse, kenaka n'kukwera njinga kukasaka galimotoyo pamsika kapena pokwerera basi. Akaipeza ankamatula disiki yakale, kapepala kozungulira kaja apolisi amakayang'ana pagalasi, n'kumatapo yatsopano. Mwini wake ankangoona kuti mtundu wa disiki wasintha. Zolipira ankakambirana usipa ukagwidwa.

"Inu yendetsani galimoto, masiku mundisiyire ine," ankatero a Howard.

A Jenkins adawasiyiradi masikuwo kwa zaka zambirimbiri. Paja akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu.

Chaka china, nyengo ya mwera ikutha, a Howard adatengedwa. Galimoto yosalembedwa kalikonse idaima pakhomo pa ofesi dzuwa lili paliwombo. Mudalowa amuna awiri, mudatuluka atatu. Onse a pakhondepo adali maso, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaona. Masiku amenewo munthu akatengedwa motero, dzina lake linkachoka m'kamwa mwa anthu ngati dzino lozulidwa: lilime linkapitapita pamalopo, koma mawu osatuluka. Wolitchula ankayenera kufotokoza kuti mwini dzinalo amadziwana naye bwanji, ndipo ambiri opita kukafotokoza sankabwerako msanga. Che Atumani, telala wa pakhondepo, adangosunthira makina awo kumapeto kwina.

A Jenkins adamva monga adamvera wina aliyense, popanda wowauza. Mtima udawawawa, pakuti iwo ndi a Howard adakulira limodzi ku mishoni, kuimba kwaya imodzi, ndipo a Howard ndiwo adaimirira mwana wawo woyamba paubatizo. Komabe adachita monga onse. Akafika pamsewu wa sitoloyo ankakhotera kwina. Kamodzi kokha adakumanizana ndi a Doris, akazi a a Howard, pamsika.

"Alamu, kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino, alamu. Anzanu anapita ku Blantyre kukatenga madisiki. Angochedwa chabe."

A Doris adanena izi akumwetulira, maso ali pamulu wa tomato.

"Chabwino. Akabwera muwapatse moni," adatero a Jenkins.

Sikuti za disiki yawo adaziiwala ayi. Koma kupita kwa ajenti wina kukadabweretsa funso loti, kale ankakukonzerani ndani? Ndiye adangozolowera kuyendetsa galimoto osayang'ana pangodya ya galasi. Kungoti m'mawa wina ankapezeka ataima patsogolo pa pikiapuyo, akusuzumira ngati mtundu wa disiki wasintha. Pamsika akamva belu la njinga kumbuyo kwawo ankatembenuka msanga. Tsiku lina adapeza chidindo cha chala pagalasi, pambali penipeni pa disikiyo. Adadziuza kuti ndi ana osewera, koma sadachipukute.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Dinah, mlongo wawo wa a Jenkins, adamwalira kuchipatala cha pa boma. Ndi kutentha koteroko maliro sakadagonera. Uthenga udatsogola ku Malindi kuti adzukulu ayambe kukumba ndipo ansembe adikire, mwambo ukhala masana omwewo. Bokosi adalikweza kumbuyo kwa pikiapu, amayi a mpingo n'kulizungulira. A Basil, amuna ake a malemuwo, adakhala kutsogolo ndi a Jenkins. Pamphuno pa galimoto adamangapo nthambi zaziwisi. A Jenkins adadalira nthambizo, chifukwa chikhalire galimoto ya maliro ikafika pa lodibuloko ya pamlatho wa Shire, apolisi ankangovula zisoti n'kukweza mtengo wotchingira msewu.

Tsikulo mtengowo sudakwere.

Padali sajeni watsopano, a Macloud, wochokera ku boma lina, yunifolomu yake ikadali ndi mizere ya simbi. Adavula chisoti moyang'ana bokosi, monga munthu woleredwa bwino.

"Pepani ndi zovutazi," adatero. Kenaka maso ake adagwera pagalasi. "Bambo, inshuwalansi yanu inatha kalekale. Mwakweza anthu onsewa pagalimoto yopanda inshuwalansi?"

Mayi Hana, mkulu wa amayi aja, adayankha ali kumbuyo. "Mwana wanga, amene ali m'bokosiyu ngozi sakuiopanso. Tisiye tidutse."

"Ine ndikunena za inu amoyo, amayi. Galimoto ikhotere apo. Pezani ina."

Ina ikadachokera kuti? Lidali Lachisanu, eni malole ambiri ali kumzikiti, ndipo msewu wa tsidya lija unkatha theka la tsiku osaona tayala. A Jenkins adaimika pikiapu pambali, pomwe padalibe ndi mthunzi womwe. Amayi adayambanso nyimbo chapansipansi. Pansi pa mlatho madzi ankayenda osafulumira. Patapita nthawi a Jenkins adaona Mayi Hana akukupiza chitenje pamwamba pa bokosi, ndipo adadziwa chimene ankaingitsa. Dinah ndiye adalera a Jenkins mayi awo atamwalira, ankawabereka kumsana popita kukatunga madzi. Lero adali kuwonongekera pamsewu ngati nsomba yosowa wogula.

Adapita kwa sajeni uja manja ali kumbuyo.

"Bwana, mutichitire chifundo. Manda akumba kale."

Sajeniyo sadali munthu woipa mtima. Adatulutsa kabuku ndi cholembera. "Tamverani, bambo. Ambiri kuno mumadzera kwa ajenti. Ngati wachedwetsa ndi ajenti, nditchulireni dzina lake ndilembe, ndikamufunse ndekha, inu mupite mukaike maliro. Koma ngati mwazengereza nokha, galimoto itsala."

A Basil, amene adawatsatira, adawakoka shati. "Alamu, nenani kuti munaiwala," adanong'ona. "Tisenza paphewa."

"Mpaka ku Malindi? Ndi dzuwa ili?"

"Ndiye tidikire lole."

"Nanga Dinah adikira?"

A Basil adasiya shati ija. Pafupi ndi mtengo wotchingira padaima wapolisi wachikulire, a Dyson, amene adakhalitsa pa Mangochi. Iwowo ankadziwa bwino lomwe amene ankamata madisiki a theka la magalimoto a m'bomalo, ndipo tsopano ankayang'anitsitsa mumtsinje ngati muli chinthu chachilendo. Padalinso ena odikira kuwoloka: amayi a madengu, mwamuna wina wa njinga, ogulitsa mango. Makutu onse adali pomwepo.

A Jenkins adayesa kupanga mawu oti ndinaiwala, koma adakanika kutuluka. Bodzalo silikadawolotsa Dinah, komanso likadakhala ngati kunena kuti munthu uja sadakhaleko n'komwe.

"Ndi a Howard," adatero. Mawu awo adamveka mokweza kuposa mmene ankafunira. "A Howard a pakhonde la sitolo. Koma musalembe kuti anachedwetsa. Sanaphonyepo chaka ndi chimodzi chomwe."

Nyimbo idaduka pakati pa mzere. Mayi wina wa dengu adalisenza n'kuyamba kubwerera kumene adachokera.

Sajeni, posadziwa kanthu, adayamba kulemba. "Howard ndani? Dzina la bambo wake?"

Apo a Dyson adasendera, n'kumunong'oneza mawu ochepa kukhutu. Cholembera chidaima. A Jenkins adaona nkhope ya mnyamatayo ikusintha pang'onopang'ono, akuyang'ana zilembo zimene dzanja lake lomwe lidalemba. Kabukuko madzulo kankayenera kukafika patebulo la akuluakulu ake. Akadzamufunsa kuti dzina limeneli walitenga kuti, ndipo umafuna kukamufunsa chiyani mwini wake, akadayankha chiyani? Sajeniyo adadetsa zilembozo ndi inki, kubwerezabwereza mpaka pepala lidabooka. Kenaka adapita yekha kukakweza mtengo uja.

"Galimoto ya maliro sitiimitsa," adatero, osayang'ana munthu. "Ine sindinamve kanthu. Pitani."

Pikiapu idakwera pamlatho. Pagalasi loonera kumbuyo a Jenkins adaona mwamuna wa njinga uja, amene adadikira nthawi yonseyo kuti awoloke, akutembenuza njinga yake kulunjika ku boma. Sankapalasa mothamanga. Mwina adangokumbukira chimene adaiwala kunyumba. A Jenkins sankamudziwa, ndipo adayesetsa kukumbukira nkhope yake koma idakana.

Atangofika tsidya lija, a Basil adatsokomola.

"Alamu, taimani pang'ono."

"Bwanji?"

"Ndikakhale kumbuyo ndi mkazi wanga. Muno mukutentha."

A Jenkins adaimika. A Basil adatsika, natseka chitseko mosamala ngati akuopa kudzutsa munthu. Kumbuyoko amayi adawapatsa malo, ndipo nyimbo siidayambenso ulendo wonsewo. A Jenkins adayendetsa okha mumsewu wafumbi, mapiri ali kudzanja lamanja. Mpando wa pambali pawo udali wopanda munthu, komabe adapezeka akukhotetsa pang'onopang'ono m'mabampu, chigongono atachipinda, monga amachitira woyendetsa akanyamula mnzake.

Adafika ku Malindi belu la tchalitchi likulira. Anyamata adatsitsa bokosi, ansembe adatsogola, ndipo Dinah adagona pakati pa makolo ake dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Palibe adafunsa chimene chidawachedwetsa. Nkhaniyo idali itayenda kale pakati pa anthu, kuchokera pa chitenje china kufika pa chinzake.

Pobwerera kumanda anthu adadzaza kanjira kopita kusiwa, ataphathikana mapewa. A Jenkins adayenda pakati pawo, ndipo pomwe ankaponda iwo njira idali yotakasuka kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse.