Khutu la Kumanzere

Mbama inatera pa khutu la kumanzere Tadala asanamalize kuyankha. Anagwera pa thumba la chimanga mwana ali kumbuyo, ndipo m'mutu mwake munalira ngati mwasweka botolo.

"Ndinati chiyani ine?" anafunsa Yona, mwamuna wake, ataimirira pakhomo ndi ovolosi yake yakuntchito. "Ndinati ukakazulanso udzandiona. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Bambo a Thoko, kakulira. Kakundiboola mutu, mwananso sakuyamwa."

"Kakulira kwa iwe wekha? Ine makutu ndilibe?"

Anatola kachipangizo kamene kanali pansi n'kukabwezera pa soketi, kenako anamuponda Tadala pa ntchafu ndi nsapato yake yachitsulo kumapeto. Atatero anadya, anasamba m'manja, n'kubwerera ku Biwi kumene ankawotcherera zitsulo. Tadala atagwira khutu lake anapeza magazi pa zala.

Kachipangizoko kanali koyera, kakang'ono ngati sopo wosambira. Yona anakagula kwa venda wina m'tauni, amene anamuuza kuti kamatulutsa kulira komwe amamva ndi makoswe okha. Makoswe a ku Chinsapo ngopanda ulemu. Anali ataboola thumba la chimanga lochokera kwa mayi ake a Yona ku Dowa, n'kudyanso kolala ya suti yake ya ukwati. Ndiye kachipangizoko Yona ankakasamala kuposa mkazi.

Koma kuyambira tsiku lomwe kanalowa m'nyumbamo, Tadala ankakamva. Kankalira tsiii, mopyapyala, osapumira, ngati singano ikulowa pang'onopang'ono kuseri kwa diso. Thokozire, mwana wawo wa miyezi isanu ndi itatu, ankalavula bere n'kumadzikanda m'makutu. M'Chinsapo monse, Tadala yekha ndiye ankapempherera kuti magetsi azime.

Loweruka m'mawa kunabwera ankhoswe. Mbali ya Tadala kunali malume ake, a Enerst, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi amene ankakonda kumva mawu ake omwe. Mbali ya Yona kunali mkulu wake, a Aubrey. Tadala anakhala pamphasa, duku atalikokera mpaka kuphimba makutu. Za magazi aja sanauze munthu, chifukwa ankachita manyazi.

"Tiyeni tikamve tokha kachinthuko," anatero a Enerst. "Mlandu saweruza ndi mphekesera."

Yona anakayatsa. Madoda awiri aja anatchera khutu, wina mpaka kugwada pafupi ndi soketi. Kumbuyo kwa mayi ake, Thokozire anayamba kulira.

"Ine ziii," anatero a Aubrey.

"Inenso ziii," anatero a Enerst akudzikutumula fumbi m'mawondo. Anatembenukira kwa Tadala. "Mwana wa mlongo wanga, watichititsa manyazi. Amuna atatu athunthu sitikumva kanthu, iwe wekha ndiye wamakutu? Ngati ndi mizimu, tinene tikupezere abusa. Ngati banja lakukwana, nenanso. Koma bodza ayi. Gwada, upepese amuna ako."

Tadala anamva chinthu chowawa kuposa mbama ija. Munthu amene anabwera kudzamuimira ndiye anali kumutcha wabodza. Anayamba kugwada, misozi ikugwera pamphasa.

"Asagwade ameneyo."

Anali Betty, mkulu wake wa Tadala, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Area 25. Palibe anamuitana pa mlanduwo, koma Betty sankadikira kuitanidwa.

"Amalume, pepani ndakulowererani," anatero akuvula nsapato pakhomo. "Ndingopempha mphindi zisanu. Tadala, tembenuka uyang'ane kukhoma. Ine ndizikayatsa ndi kukazimitsa, iwe uzinena."

"Zamasewera izi," anatero Yona.

"Ngati ndi wabodza agwidwa pompano, alamu. Mukuopa chiyani?"

Betty anaika chala pa swichi ya soketi, akuidina mofatsa kuti isamveke. Tadala, nkhope ili kukhoma, ankayankha. "Kazima. Kayaka. Kakadali koyaka. Kazima." Betty anayesa kumupusitsa, kugogoda khoma osadina kanthu. "Simunakakhudze, kakulirabe." Anachita kakhumi, ndipo kakhumi konse Tadala analondola. A Enerst anayamba kukanda chibwano.

"Amaonera chithunzithunzi," anatero Yona. "Agwirizana awiriwa."

Betty anatulutsa foni yake. "Chabwino. Muli kapulogalamu muno komwe ndimaphunzitsira ana a Fomu 3. Kamaliza mawu, kuyambira okhuthala kupita opyapyala. Nambala ikamakwera, mawunso amapyapyala. Khutu la munthu lili ndi polekezera, ndipo munthu akamakula polekezera pake pamatsika. Aliyense akweze dzanja. Mukasiya kumva, mutsitse. Osanama, tili pamaso pa amalume."

Foni inayamba kulira mokhuthala ngati hutala ya lole, manja onse ali m'mwamba. Kulira kunanka kupyapyala. Betty ankawerenga manambala mokweza. Atafika pa 6,000, Yona anayang'ana foni, n'kuyang'ana anzake.

"Wazimitsa," anatero.

"Sindinazimitse, alamu."

"Ikulira, Yona," anatero a Aubrey, dzanja lili m'mwamba. "Ikulira kwambiri."

Yona anasiya dzanja lake lili m'mwamba, koma aliyense anaona kuti likungoimira ulemu. A Enerst anatsitsa lawo pa 10,000, a Aubrey pa 13,000. Betty mwiniwake anagonja pa 15,000. M'nyumba munali zii kwa onsewo, koma Tadala anali atatsinzina ndi ululu, dzanja lili m'mwamba, mpaka pa 18,000 pamene anati, "Basi, achemwali, zimitsani." Thokozire anali akulira mokuwa.

"Mwaona, amalume?" anatero Betty. "Kachinthu kaja kamalira kumtunda uko, kumene inu ndi ine sitifikako. Ndipo alamu anga, galayinda yakudyani makutu. Zaka khumi ndi zisanu kudula zitsulo opanda chotseka m'makutu. Mwagonja musanafike n'pomwe pa amalume, munthu woti anabadwa Nyasaland isanathe."

A Aubrey anaseka pang'ono, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunayatsa moto. Yona analumpha, anatsomphola foni ija n'kuimenyetsa kukhoma. Betty atati aitole, Yona anamugwira pakhosi n'kumukankhira pa kabati, mbale zadothi n'kugwa kusweka.

"Ine gonthi? M'nyumba mwanga? Iwe ndiwe umamuphunzitsa mwano mkazi wanga."

A Aubrey anamugwira kumbuyo, koma Yona anawabaya ndi chigongono pakamwa, mlomo n'kung'ambika. A Enerst, amene ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anali atapanikizika kuseri kwa chitseko akungoti, "Aphwanga, aphwanga." Tadala anathamangira kukalanditsa mkulu wake. Yona anatembenuka n'kumukoka duku pamodzi ndi tsitsi, dzanja lina litakwera kale kuti limenye.

Duku linatsalira m'manja mwake. Pansi panagwa thonje lofiira, lonyowa. Kuchokera m'khutu la kumanzere la Tadala munali mutatsika mzere wa magazi ndi mafinya mpaka m'khosi.

Dzanja la Yona linaima m'malere. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza pawindo.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa a Enerst.

"Ndi Lachitatu, amalume," anayankha Tadala. "Tsiku lomwe ndinakazula."

Betty anadzuka, akupuma movutikira. Foni inali itafa, koma kachipangizo kaja kanali kakadali pa soketi, kagetsi kake kofiira kakuphethira. Anamugwira mng'ono wake paphewa.

"Tseka khutu la kumanja ndi chala. Ukukamva?"

Tadala anatseka. Anadikira. Anapendeketsa mutu, kuyandikira kusoketi, mpaka tsaya linatsala pang'ono kukhudza khoma. Kenako anachotsa chala chija n'kuyang'ana mwamuna wake. Sanalire, ndipo mawu ake anali ofatsa.

"Uku sindikumva kanthu, bambo a Thoko. Mwakonza mbali imodzi. Mumafuna mumalize inayi kuti tifanane?"

A Enerst anavula chipewa. Manyazi anawagwira kwambiri, pokumbukira kuti ndi iwo amene anamuuza mwanayo kuti agwade.

"Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero pomaliza. "Koma lero mkhatewo uswekeretu. Tadala, tenga mwana ndi zovala. Tikuyamba kuchipatala, kenako kupolisi akatipatse kalata. Zabanja tidzakamba khutu likapola, ngati lidzapole."

Tadala sanachedwe. Anamanga zovala zake ndi za mwana mu chitenje chimodzi. Pokoka chikwama kuseri kwa thumba la chimanga lija, pansi penipeni pa soketi, anapeza chisa cha nsanza muli tiana ta makoswe tisanu, tofiira, tikugona mwamtendere. Anangotiyang'ana n'kutisiya.

Anatuluka onse kulowera kumsewu wa minibasi, Betty ndi a Enerst patsogolo, Tadala pambuyo. Dzuwa linali litakwera, makondakitala akukuwa, chigayo cha pakona chikulira. Yona anawatsatira wopanda nsapato. Anthu anali kumuyang'ana, ndiye sakanatha kukweza mawu. Anafika pafupi ndi mkazi wake, n'kuweramira kukhutu kwake. M'zaka zinayi za banja lawo anali asananenepo mawu amenewa.

"Mayi a Thoko, ndalakwa. Ndikhululukire."

Tadala sanatembenuke. Anakonza mwana kumbuyo, anapatsira kondakitala katundu, n'kukwera. Sikuti ankamunyoza. Yona anali ataima mbali ya kumanzere.