Kabotolo ka Mayi Rosina

Pa Nkhata Bay panalibe munthu wodana ndi fodya kuposa Bambo Henderson Kamanga, mkulu wa mpingo, amene anagwira ukalaliki ku Joni zaka makumi awiri n'kubwerako ndi masuti asanu ndi matenda a shuga. Masutiwo ankawasamala ngati ana. Mapiritsi a shuga ankawakumbukira akamva chizungulire basi. Akaima kutsogolo Lamulungu, amayi ofwenkha fodya wa m'mphuno ankadziwiratu kuti lero kulibe mtendere, ndipo atatu mwa iwo anali atakaonekera kale ku seshoni, kubwalo la akulu a mpingo.

Mkazi wawo, Mayi Rosina, ankakhala pa benchi yoyamba mu yunifolomu yoyera mbee, akugwedeza mutu kuvomereza ulaliki. Kabotolo kawo ka fodya kankakhala m'kamisolo. Ankafwenkhera kuseri kwa bafa, n'kutsuka mphuno, n'kutafuna khoko la ndimu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anawagwirapo.

Matenda a bambowo anayamba ngati chimfine. Tsiku lachinayi tsaya lamanzere linatupa, diso n'kuyamba kutsekeka, mutu ukuwawa mbali imodzi. Mayi Rosina anasuzumira m'mphuno mwa amuna awo naona chinthu chakuda bii chitamatirira m'kati. Anawaveka taye, poti sakanatuluka popanda taye ngakhale nyumba ikanapsa, nayenda nawo pang'onopang'ono kuchoka ku Chikale mpaka pa kachipatala kena kapulayiveti kufupi ndi doko.

Linali tsiku lofika sitima ya Ilala, anthu ali thithithi ndi akatundu awo. Dokotala wa pachipatalapo anali Tonny Mhone, amene Bambo Kamanga anamukoka khutu zaka zapitazo atamupeza ndi ndudu kuseri kwa tchalitchi. Anawalitsa tochi m'mphunomo kamodzi kokha, n'kuluma mlomo kuti asaseke.

"Ada, iyi ndi sayinasi, kutupa kwa m'kati mwa mphuno. Koma zakudazi, mundikhululuke, ndi fodya. Muzichepetsako."

Mayi Rosina anadikira kuti denga ligwe. Koma Bambo Kamanga anali atamva pa mzere za munthu wina amene anatumizidwa ku Mzuzu n'kukang'ambidwa nkhope, ndipo mpeni ankauopa kuposa tchimo. Anakonza taye, nayang'ana pansi.

"Pang'ono pokha, mwana wanga. Undipatse mapiritsi ndizipita."

Tonny nkhope inawala ngati wapambana mpira. Cholembera chinali chikuthamanga kale pa buku.

Apa ndi pomwe Mayi Rosina anaona kuti zinthu zaipa. Bodza la amuna awo analidziwa, ndipo ankadziwanso chimene dokotala wa mapepala akeyo sankadziwa, kuti fodya saoneka choncho. Akanena, afunsidwa kuti akudziwa bwanji. Anaganiza za benchi yoyamba, za amayi atatu aja, makamaka Jenny Manda, amene akanaseka mpaka kugwa pansi. Kenaka anayang'ana diso lotupalo, limene m'mawa linkatsegukako pang'ono ndipo tsopano linali litatsekeratu. Anachita mantha oti amuna awo afera m'manja mwawo.

"A dokotala, si fodya ameneyo."

"Ama, eni ake avomera."

"Akunama. Awisi Jessie, mukunama, ndipo ndinu mkulu wa mpingo," anatero, akuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

Analowetsa dzanja m'bulauzi, natulutsa kabotolo, nakaika pa tebulo kuti gwa. Anatsina fodya, nafwenkha pamaso pa amuna awiriwo mwaluso la munthu wozolowera, osayetsemula n'komwe. Kenaka anapukuta mphuno ndi mpango woyera naonetsa dokotala.

"Fodya ndi uyu. Ndi wofiirira, amachoka ukapukuta, ndipo amanunkhira. Chawocho ndapukuta m'mawa uno ndi madzi ofunda, sichikuchoka. Ndagwirapo ndi chala, iwo osamva kanthu. Fodya amanyerenyetsa, a dokotala. Pamenepo pafa."

Kumwetulira kwa Tonny kunazima. Anavala magulovesi, natenga kachitsulo, nakhudza pakudapo. Bambo Kamanga sanaphethire, ndipo magazi sanatuluke. Anawauza ayasamule, napeza banga lina lakuda kumwamba kwa m'kamwa. Anawabaya chala kuyeza shuga, kamakina n'kulephera kuonetsa nambala chifukwa chokwera kwambiri.

"Ada, ndalakwitsa," anatero motsitsa mawu. "Ndikuganiza kuti ndi mukomaikosisi. Ndi nkhungu, yonga yomera pa buledi. Imalowa m'mphuno mwa munthu amene shuga wake wakwera, n'kutseka mitsempha ya magazi, mnofu n'kufa. Ikafika ku diso imapitirira ku ubongo. Ku Mzuzu akadulako kachidutswa kuti akaone pa makina n'kutsimikiza, koma mankhwala sadikira. Mukupita lero."

"Ndi mpeni womwe?"

"Ndi mpeni womwe, Ada. Mukanapita kunyumba ndi mapiritsi anga aja, sindikudziwa ngati Lamulungu likanakupezani."

Bambo Kamanga diso lawo labwinolo silinali pa dokotala. Linali pa kabotolo.

Galimoto itayamba kukwera mapiri a ku Mzuzu, iwo atagona ndi diripi pa mkono, taye ili m'khosi, ndi pomwe anatsegula pakamwa.

"Zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Jessie asanabadwe."

"Ndili ndi pakati pake. Fodyayo ndi amene ankandiletsa mseru."

Mayi Rosina ankamva manyazi, koma manyaziwo anali opepuka poyerekeza ndi mantha.

"Ndiye ulaliki wonse uja munkangogwedeza mutu?"

"Munkalalikira bwino."

"Nkhani iyi ndi ya ku seshoni," anatero bambowo. "Sindingakondere chifukwa ndinu a m'nyumba mwanga."

Mayi Rosina anawamasula taye kuti apume bwino, naipinda, naiika m'chikwama pamodzi ndi kabotolo kaja. Anagwira dzanja lopanda diripi nalifinya.

"Ndikaonekera, Awisi Jessie, ndipo Jenny Manda akaseke mpaka atope. Koma akandineneza munthu wina aliyense ndikakana. Mukachire, mudzandineneze nokha."