Ufa wa Ndere ndi Mimba ya Alamu

Kubanja kwa mwamuna wake ankamutchula kuti Adokotala a Nkhuku, ngakhale udokotalawo anali asanaupeze. Kuti aupeze, mayiyu ankafunika kumaliza kafukufuku mmodzi: kuona ngati ufa wa ndere za m'madzi, ukasakanizidwa m'chakudya cha nkhuku, umachepetsa mafuta m'magazi mwawo. Makola anali awiri, kuseri kwa labotale. Nkhuku za khola loyamba zinkadya chakudya wamba, za lachiwiri chosakaniza ndi ufa wobiriwirawo. Thumba la ufawo linali limodzi basi, ndipo aphunzitsi ake anamuuziratu kuti lina silibweranso.

Vuto linali alamu ake, akulu ake a mwamunayo. Bambowa anachotsedwa ntchito kalekale, koma taye sanaivule. Pakhomo inkayamba kulowa ndi mimba, eni ake n'kumabwera pambuyo. Mwamuna wake anachonderera kuti achimwenewo apatsidweko chochita, ndipo mayiyu, popeza masana ankaphunzitsa, anawasiyira ntchito yodyetsa nkhuku. Ankaganiza kuti kuthira chakudya m'mbale ngakhale chitsiru chingakwanitse. Apa ndiye anachiderera chitsirucho.

Miyezi inapita. Akasuzumira m'khola lachiwiri, chakudya chinkaoneka chobiriwira bwinobwino. Alamuwo ankamulandira manja ali kumbuyo ngati woyang'anira fakitale, n'kumamufotokozera za sayansi zomwe anatola pa wailesi. Iye ankangovomera, uku akukukuta mano.

Tsiku lotenga magazi analawirira nkhuku zisanadye. Anazigwira imodziimodzi, kutambasula phiko, kubaya mtsempha, kuthira magazi m'timabotolo. Zotsatira zitatuluka, anaziika pamodzi n'kuziyerekeza. Mafuta a m'magazi a nkhuku za makola onse awiri anali chimodzimodzi. Anayezanso, osasintha. Anapita kukhola, n'kutapa chakudya chotsala m'mbale, n'kununkhiza. Ufa wa ndere umamveka kafungo ka nsomba. Ichi chinkamveka udzu.

Anawapeza alamuwo m'kachipinda kosungiramo matumba, atakhala pa ndowa yovundikira, akutakasa tiyi wobiriwira. Manyazi analibe n'komwe. Anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa mwana, kuti kuchipatala anawauza kuti mafuta awachulukira m'magazi, ndiye anaona kuti n'kupusa kumwaza mankhwala abwino chonchi kwa nkhuku, munthu akuvutika. Ufawo ankamwa okha m'mawa ndi madzulo, wina n'kumagawirako anzawo a kumowa. Nkhukuzo ankazisinjira masamba ouma a kumpanda.

"Chobiriwira n'chobiriwira, alamu," anatero bambowo. "Nkhuku imadziwa chiyani?"

Mayiyu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: taye yothimbirira, milomo yonyezimira ndi mafuta a nyama yootcha yomwe sanaisiyepo tsiku n'limodzi lomwe, ndi thumba la ufa lija, lopanda kanthu, lomwe anayala pandowapo kuti thalauza lisade. Ananyansidwa nawo. Zaka zake zonse za kuwerenga zinali zitathera m'mimba imeneyo.

Anawafunsa ngati akudziwa chomwe amuchita. Iwo anayankha kuti ayenera kuwathokoza kumene. Dzulo lake anali atakayezetsanso, ndipo mafuta aja anapezeka atakwera. Ndiye kuti ufawo unali wabodza, ndipo iwo anali atamupulumutsa ku manyazi okaima pamaso pa maprofesa ndi zinthu zosagwira ntchito.

Anatulutsa foni kuti aimbire mwamuna wake, koma anaibwezeranso m'thumba. Yankho ankalidziwa kale: ndi achimwene, tiwapirire, tisawachititse manyazi. Kwa aphunzitsi ake nako sakanapita ndi nkhani yoti kafukufuku wamwedwa mu tiyi.

Alamuwo anagugudiza tiyi wotsalayo, n'kupukuta pakamwa ndi taye. Kenako analoza kumakola ndi supuni.

"Ndiyetu poti nkhukuzi mwathana nazo, alamu, ndisankhepo ziwiri zonenepa?"