Ndandanda ya pa Khoma la Maliko

Tawina analakwa Kemisitiri, palibe chobisa apa. Ku yunivesite, komwe ankachita chaka chokonzekera udokotala, anamuuza kuti asankhe: asenze Kemisitiriyo pamwamba pa maphunziro asanu atsopano, kapena abwereze chaka. Yankho ankalifuna pa foni Lachisanu, 12 koloko isanakwane.

Bambo ake, a Luka, zobwereza sanafune n'kuzimva komwe. Pamsika wa Mitundu anthu anali atayamba kale kuwaitana kuti bambo a dokotala, ndiye akanakawauza chiyani? Akuti maphunziro asanu ndi limodzi si kanthu, mchimwene wake Maliko ankatenga asanu ndi awiri.

Eya, ankatengadi. Maliko yemweyo amene anamuchotsa sukulu atalakwa, nakhala pakhomo miyezi itatu ali duu, mpaka anamupeza m'chigafa cha fodya atadzimangirira. Zimenezo pakhomopo sankazitchula.

Lachisanu lomwelo ndi limene abale anapangana kugwetsa kanyumba ka malemuyo, poti kanangokhala kotseka chimwalirireni mwiniwake. M'mawa anatuma Tawina kuti akatulutse mabuku. Anakankha chitseko, fungo la nkhungu linamulandira, ndipo pakhoma anaona ndandanda yolembedwa ndi khala. Fizikisi 4 koloko m'mawa. Masamu. Bayoloje. Kemisitiri katatu pa tsiku. Nthawi ya chakudya panalibe, ngakhale ya kutchalitchi.

Anatulutsa foni, momwe dzulo lake analembamo ndandanda yake ya maphunziro asanu ndi limodzi aja. Mayo ine! Inali yomweyomweyo, bokosi ndi bokosi, chonsecho khomali anali asanalionepo. Anachita mantha ngati kuti Maliko waima kumbuyo kwake akumuwerengera pa phewa.

Pansi penipeni, Loweruka madzulo, Maliko analemba timalemba tating'ono: kupuma. Wina anakhwatcha mawuwo n'kulembapo Kemisitiri ndi dzanja lolemera. Dzanjalo Tawina ankalidziwa bwino. Ndi lomwe limalemba dzina pa mabelo a fodya chaka chilichonse.

A Luka analowa khasu lili paphewa, kudzamufulumizitsa. Anaona pomwe mwana wawo ankayang'ana. Anayesa kufufuta ndi chikhatho, koma khala linali litalowerera m'dothi.

"Ndinkangofuna akhoze," anatero.

Tawina anawamvera chisoni, komanso anawakwiyira, zonse nthawi imodzi. Anadina pa foni iwo akuona.

"Ndibwereza chaka, bambo. Ndatumiza kale."

Kunja amuna anali kufunsa kuti ayambire khoma liti. A Luka anayang'ana chikhatho chawo chakudacho nthawi yaitali. Kenako anasuzumira pakhomo n'kuwauza kuti ayambe adikira, khoma ili agwetsa okha.