Ndege M'kabichi, Bungwe M'khitchini

Tayala lakutsogolo litakana kutuluka, Kaputeni anaitsitsa ndege ija chamimba. Inakhwekhwereka msewu wake wonse, inathyola mpanda wa waya n'kukaima phee pakati pa munda wa kabichi. Palibe anafa, palibenso anathyoka fupa, kupatula mayi wina amene anabinya chala polimbirana chikwama ndi mnzake. Amene anaona zakuda tsiku limenelo ndi kabichi basi.

Mkazi wa Kaputeni anaimva nkhaniyi ali kuntchito. Iyeyu anali mtolankhani, koma osati wa aja othamangitsa nduna ndi makamera ayi. Ankalemba tsamba la zaulimi, lija anthu amayatsira moto asanaliwerenge, ndipo kunyuzipepalako ankangomutchula kuti Mayi Zaulimi. Anathamangira kubwalo la ndege, koma anangomuonera mwamuna wake pagalasi, ali moyo, anzake a mayunifomu akumulowetsa m'chipinda china. Chimene mayiyu ankafuna chinali chimodzi chokha: mwamunayo amuuze ndi pakamwa pake kuti ali bwanji.

Madzulo Kaputeni anafika kunyumba, koma sanali yekha. M'mbuyo mwake munali bambo wamfupi, wadazi, atanyamula sutikesi ndi pilo. Ameneyu anali mlembi wa bungwe la oyendetsa ndege. Anzake ankamutcha Mangani-Malamba, chifukwa ngakhale paukwati sankayamba kulankhula asanachenjeze anthu kuti akhazikike bwino pamipando.

"Alamu, pepani," anatero Mangani-Malamba, ataima pakati pa mwamuna ndi mkazi ngati mzati. "Bungwe lagwirizana masana omwe ano. Aliyense amene anali pantchito m'ndege ija asayankhe funso la mtolankhani popanda woimira bungwe, mpaka ofufuza atamaliza. Inuyo si mtolankhani?"

"Ndine mkazi wawo."

"Sindinakane. Nanga icho chili pakhosicho?"

Chiphaso cha kuntchito chinali chikadalendewera pachingwe chake. Mayi Zaulimi anasuzumira paphewa pa mlendoyo. "Bambo, muli bwanji? Palibe pamene pakupweteka?"

"Mafunso awiri amenewo," anatero mlembi. "Onse akufufuzidwa."

Kaputeni anangoyang'ana nsapato zake, zimene zinali zikadali ndi matope a m'munda.

Lamuloli linali ndi pochokera pake, tisawanamizire. Kale woyendetsa ndege wina, atangopulumuka ngozi, anafunsidwa kuti akumva bwanji, iye n'kuyankha kuti watopa. M'mawa mwake nyuzipepala zonse zinati oyendetsa ndege amagona m'mwamba, ndipo munthuyo ntchito inamuthera pomwepo. Choncho pamsonkhano ena anati munthu wochoka kukamwa kwa imfa asamapatsidwe maikolofoni, amalankhula zosadziwa. Ena anati mukatseka pakamwa odziwa, alankhula ndi osadziwa. Anakangana mpaka thovu kukamwa, kenako anakweza manja, otseka pakamwa n'kupambana.

Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Mangani-Malamba anasamutsira Kaputeni kuchipinda cha alendo, ati munthu amatha kubwebweta kutulo pafupi ndi khutu la mtolankhani. Mswachi wake anauika m'kapu ya eninyumba. Patebulo anadzisankhira mpando wapakati, pamene mchere ndi shuga zimadutsa.

Oyendetsa ndege ali ndi khalidwe lawo pantchito. A pansanja ya pabwalo la ndege akanena mawu pawayilesi, woyendetsa amawabwereza kuti zidziwike kuti wamva. Khalidwe limeneli mlembi analibweretsa pa kadzutsa.

"Alamu, tawafunsani ngati amwe tiyi," ankatero Mayi Zaulimi, ketulo ili m'manja.

"Kaputeni, kukhitchini akufunsa za tiyi. Bwerezani."

"Tiyi, ndamva."

"Alamu, amva."

"Ndiye amwa kapena samwa?"

"Limenelo ndi funso latsopano."

Funso la shuga mlembi analikaniratu, ati kuchuluka kwa masipuni kukhoza kuulula za umoyo wa woyendetsa ndege. Iye mwini ankathira mosaumira, ndipo mazira a Kaputeni akatsala ankawamaliza m'dzina la bungwe. Mayi Zaulimi ankachita kudziluma lilime kuti asamutukwane.

Kuntchito nako kunalibe mtendere. Mkonzi wa nyuzipepala anamuitana n'kumuuza kuti ndege ikakhala m'mwamba ndi ya atolankhani akuluakulu, koma ikalowa m'kabichi ndi ya tsamba la zaulimi. Choncho mayiyu anavala nsapato za kumunda n'kupita kukaona mwinimunda. Anamupeza atakhala pampando pansi pa phiko la ndege, atavala tayi, atolankhani ali pamzere ngati kuchigayo. Poti onse odziwa anali atasokedwa pakamwa, mlimiyu ndiye anasanduka katswiri wa za ndege.

"Ndege ija inali ndi ludzu," ankafotokoza mlimiyo. "Inaona madzi anga othirira. Koma woyendetsa uja, eee, mwamuna weniweni! Anaigwira ndi dzanja limodzi, linali akundibayibitsa."

Tsiku lililonse nkhani inkanenepa. Pawayilesi anati Kaputeni anatera akuimba mluzu. Pakanema anati anayamba wafunsa okwera ngati akufuna kutera pakabichi kapena pa anyezi. Anthu odutsa pamsewu ankaima pageti n'kuwomba m'manja, ndipo Mangani-Malamba ankatuluka kukawalandirira ulemuwo.

Koma Mayi Zaulimi ankaona zina. M'mawa wina wayilesi ikutamanda mtima wachitsulo wa Kaputeni, anamva kapu ikulira pasosala, njenjenje. Mwamuna wake anaigwira ndi manja awiri, tiyi n'kutayikirabe patebulo. Munthu ameneyu kale ankatha kulowetsa ulusi pasingano galimoto ikuyenda. Tsopano lamba wa buluku anali atam'boolera bowo lina, ndipo ndege ikadutsa pamwamba pa nyumba ankasiya kutafuna. Mayi Zaulimi anachita mantha, mantha oposa a tsiku la ngozi lija, chifukwa mwamunayo ankatha iye akuona, ali pamtunda wa mkono umodzi.

"Bambo," anatero.

"Alamu, kudzera kuno," anatero mlembi, akudziloza pachifuwa ndi foloko.

Tsiku lomwelo Mayi Zaulimi anapita ku ofesi ya bungwe. Inali kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala, kodzaza ndi zipewa zoiwalika ndi zithunzi za ndege zakale. Wapampando wa bungwe anali mayi wamtali, wa imvi za m'mbali, amene anaulutsa ndege zaka zambiri. Anamupeza akusenda lalanje ndi kiyi.

"Mayi, ndabwera kudzapempha mwamuna wanga," anatero Mayi Zaulimi, osakhala n'komwe pampando. "Lamulo lanu ndalimva. Atolankhani ndimawadziwa, ndimadya nawo, ena mwa iwo ngakhale ine sindingawauze kumene ndimagula sopo. Koma munthu wanu uja mukamuchotse m'khitchini mwanga. Ngati vuto ndi chiphasochi, ndichisiya pano."

Wapampando anasiya kusenda. "Munthu wathu uti?"

"Mangani-Malamba."

"Ali kwanu? Ife timayesa ali patchuthi." Mayiyo anapukuta manja papepala. "Achemwali, za inu tinakambirana pamsonkhano. Wina anafunsa kuti nanga mkazi wa Kaputeni, holo yonse inaseka. Tinati bungwe limathera pageti. Za m'nyumba si zathu."

"Ndiye anamutuma ndani?"

Wapampando anayang'ana lalanje lake kanthawi. "Titamaliza msonkhano, amuna anu anamukokera pambali. Ndinawamva akuti, 'Achimwene, tiyeni mukagone kwathu, kunyumba kuli mtolankhani.' Ine ndinayesa nthabwala."

Mayi Zaulimi anatsika masitepe aja. Poyamba anapsa mtima, moti akanakumana ndi Kaputeni pamenepo, bwenzi ofufuza atapeza ngozi yachiwiri. Masiku onsewa iye akutukwanira bungwe mumtima, chonsecho mpanda anaumanga ndi mwamuna wake yemwe! Koma pofika pamalo okwerera basi mkwiyo unali utasanduka chisoni. Munthu sabisala kwa mkazi wake kuseri kwa bambo wadazi ngati zinthu zili bwino.

Anapeza awiriwo ali patebulo, mlembi akupaka batala pabuledi. Mayi Zaulimi anakonza chiphaso chake kuti chioneke bwino, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mlendoyo. Mwamuna wake sanamuyang'ane n'komwe.

"Alamu, lero mafunso ndi anu," anatero. "Inuyo ndinu woyendetsa ndege?"

"Kwambiri," anayankha Mangani-Malamba monyadira.

"Membala wa bungwe?"

"Woyambitsa nawo."

"Ngozi itachitika, munalowamo m'ndege ija?"

"Ndinali woyamba. Ndinakatenga chipewa cha Kaputeni."

"Munalowa pantchito ya bungwe?"

"Nanga ndikanalowa kukasewera?"

"Ndiye kuti munali pantchito m'ndege ija. Woimira bungwe wanu ali kuti? Mwayankha kale mafunso a mtolankhani muli nokha."

Mpeni wa batala unaima m'malere. Mangani-Malamba anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kufuna woti amuimire, koma woimira bungwe m'nyumbamo anali iye yemwe. Anatsegula pakamwa kuti adziteteze, n'kukumbukira kuti kudziteteza nakonso ndi kuyankha. Thukuta linatuluka padazi. Munthuyu malamulo ankawaopa kuposa mphezi, ndipo apa anagwira njakata.

"Kodi masiku onsewa mwakhala mukulankhula ndi ine ndi chilolezo cha yani?" anapitiriza Mayi Zaulimi. "Mazira a Kaputeni munkadya ngati mlembi kapena ngati mlendo? Owerenga athu akufuna kudziwa."

Mlembi anadzitseka pakamwa ndi dzanja, anadzuka, anatenga foni yake n'kutuluka chambuyo mpaka pakhonde. Kumeneko anamveka akunong'oneza wapampando kuti amutumizire munthu msanga, wazingidwa. Kenako anakhala pasitepe kudikira chithandizo, buledi wake ali m'manja.

M'khitchini munatsala anthu awiri. Mayi Zaulimi anali atasunga mafunso odzaza dengu, koma atayang'ana mwamuna wake sanafunse ngakhale limodzi. Anavula chiphaso n'kuchiika m'kabati ya masipuni.

"Ndachokera kwa wapampando," anatero. "Ndamva amene anaitana mlendo."

Kaputeni anapotokola chipewa chake pamiyendo. "Sindimaopa nyuzipepala yanu, mayi," anatero. Mawu ake anali osasa ngati a munthu wodwala chifuwa. "Ndimaopa inuyo. Ofufuza ndikhoza kuwauza za tayala tsiku lonse. Koma inu mukanangoti muli bwanji, ndikanayankha zoona."



"Ndinatsinzina," anatero Kaputeni. "Titatsala pang'ono kugunda pansi, ndinatseka maso ngati mwana pajakisoni. Manja okha ndiwo anagwira ntchito, ineyo kunalibe. Ndinaitana amayi anga, mayi oti anamwalira kalekale, ndipo kabokosi kojambula mawu m'ndege kanamva zonse. Kunjaku akuti ndinkaimba mluzu." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Akamaliza kufufuza adzandipatsanso ndege. Ndikuopa, mayi. Ngakhale masitepe a nyumba ino ndikumatsika nditagwira khoma."

Misozi inatsika pankhope ya bambo wamkuluyo mpaka m'kolala ya shati. Mayi Zaulimi anamva chisoni chachikulu, koma pansi pa chisonicho panali mpumulo, chifukwa mawu amenewa anali a mwamuna wake, osadzera kwa wina. Anagwira manja onjenjemerawo n'kuwapanikiza patebulo.

Pakhonde mlembi anatsokomola, ndipo mutu wake wadazi unaoneka ukusendera kufupi ndi zenera. Pageti anthu ena anali atayambanso kuwomba m'manja. Mayi Zaulimi anadzuka, anatseka zenera, anakoka katani n'kukhoma chitseko ndi kiyi. Kenako anachotsa mpando wapakati uja, n'kusendeza wake kufupi.

"Yambirani poyamba, bambo," anatero. "Tili awiri basi, inu ndi ine."